Kanema wa ukwati akukana kuoneka pa makina a DVD

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Nchalo, ndipo walemba motere: "Mwana wanga wamkazi anamanga ukwati woyera mwezi wathawu, ndipo achibale anajambula mwambo wonse pa mafoni, kuyambira kutchalitchi mpaka pa perekaniperekani. Makanemawo ndinawasonkhanitsa pa laputopu ndipo alipo 23, ena aatali, ena aafupi. Mayi anga, omwe ndi agogo a mkwatibwi, amakhala ku Makhanga ndipo sanathe kubwera chifukwa cha miyendo. Kunyumba kwawo kuli TV ndi makina a DVD oyendera sola, koma foni yawo ndi yamabatani. Ndinagula zimbale zisanu n'kukopera makanemawo pa chimodzi. Pa laputopu akuoneka bwinobwino, koma nditayesa pa makina a mnansi wanga akungolemba kuti No Disc. Ndayesa zimbale zitatu, zonse chimodzimodzi. Kodi anandigulitsa zimbale zakufa, kapena laputopu yanga ndiyo ili ndi vuto? Zatsala ziwiri ndipo ndikuopa kuziwononganso."

Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo banja latsopanolo ndikulifunira zabwino zonse. Mtima wanu ukhale m'malo, chifukwa pa zimene mwafotokozazi palibe chimene chikusonyeza kuti zimbalezo n'zakufa kapena kuti laputopu yanu yawonongeka. Umboni mwaupereka nokha: laputopu inakwanitsa kulemba pa zimbalezo ndipo ikuziwerenganso, zimene chimbale chakufa sichingalole. Pa zaka zimene ndakhala ndikujambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya kuno kuchigwa cha Shire, funso limeneli ndi limene ndafunsidwa kawirikawiri kuposa ena onse, ndipo pafupifupi nthawi zonse gwero lake limakhala limodzi. Zimbale zitatu zimene mukuziyesa zowonongekazo musazitaye, popeza muli makanema anu monga momwe analili pa laputopu, ndipo kutsogoloku ndikuuzani ntchito yake.

Chimene chachitika n'chakuti mwapanga chimbale chosungira mafayilo, pomwe makina a DVD, amene ambiri timangowatcha deki, amafuna chimbale chokonzedwa mwa dongosolo lake lotchedwa DVD-Video. Chimbale chosalembedwa chimakhala chomwecho, kusiyana kumabwera pa kalembedwe kake. Zili ngati kupereka mapira osasinja kwa mayi amene watereka kale madzi a nsima: chakudya chilipodi m'lichero, koma sichinafike poti n'kulowa mumphika. Kompyuta ili ndi chigayo chake, moti fayilo ya mtundu uliwonse imaigaya yokha nthawi yomweyo n'kukuonetsani chithunzi, pomwe deki ilibe chigayo ndipo imangodikira ufa.

Dongosolo la DVD linayamba kugulitsidwa ku Japan m'chaka cha 1996, mafoni ojambula kanema asanabwere, ndipo malamulo ake sanasinthe mpaka lero. Deki ikalandira chimbale imafufuza foda yotchedwa VIDEO_TS. M'fodamo imayembekeza kupeza mafayilo othera ndi VOB, momwe mumakhala zithunzi ndi mawu, ndi mafayilo ang'onoang'ono othera ndi IFO ndi BUP, omwe amauza makinawo poyambira, pothera ndi polumphira. Kanemayo ayenera kukhala wa mtundu wa MPEG-2. Mafoni athuwa amajambula mafayilo a MP4, ndipo mkati mwake mumakhala kanema wa mtundu wa H.264 kapena H.265, umene deki zambiri, makamaka zakale, siziudziwa. N'chifukwa chake kungosintha dzina la fayilo, kapena kupanga nokha foda n'kuitcha VIDEO_TS, sikuthandiza kalikonse.

Palinso chifukwa chachiwiri, ndipo ndikuchikayikira kwambiri pa nkhani yanu popeza mwati makinawo akulemba kuti No Disc. Mukaika chimbale chatsopano mu laputopu, Windows imafunsa ngati mukufuna kuchigwiritsa ntchito ngati fulashi kapena pa makina oonetsera, ndipo yankho loyamba ndi limene limakhala losankhidwa kale. Ambiri amangodina popitirira osawerenga. Chimbale cholembedwa motero chimasiyidwa chotsegula kuti mudzawonjezepo mafayilo ena mtsogolo, ndipo chimbale chosatsekedwa deki zambiri sizichiona n'komwe, zimangokhala ngati m'kati mulibe kanthu.

Musanagwire zimbale ziwiri zotsalazo, yambani mwaimbira foni ku Makhanga, mwana wina ayang'ane kutsogolo kwa deki ya agogo ngati pali polowetsa fulashi. Deki zambiri zimene zili m'misika yathu zili napo, ndipo zina zimalembedwa kuti DivX kapena MPEG-4. Zoterozo zimatha kuonetsa kanema wa pa fulashi, koma kawirikawiri zimafuna fayilo ya AVI kapena MPG yosapitirira timadontho 720 m'lifupi, ndipo fulashiyo iyenera kukhala yokonzedwa mwa dongosolo losungira mafayilo lotchedwa FAT32, lomwe sililandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB. Njira imeneyo ilipo ndipo imagwira ntchito, koma kwa munthu wachikulire ine sindiikonda. Pa fulashi pamafunika kudina mabatani angapo pa rimoti kuti mupeze fayilo, ndipo fulashi ikalowa m'nyumba momwe muli achinyamata siichedwa kubwerekedwa n'kukaikidwamo nyimbo. Chimbale cha DVD-R chikalembedwa sichifufutika, ndipo mukachikonza bwino agogo adzangochiika, kanema n'kuyamba yekha.

Tsopano tiyambe ntchitoyo, ndipo poyambira ndi makanema enieniwo. Funsani achibale aja mmene anakutumizirani. Ngati anadutsa pa WhatsApp mwa njira yamasiku onse, anafinyidwa kale kuti asadye bandulo yambiri, ndipo pa foni sizioneka, koma pa TV nkhope za anthu zimasanduka timabokosi, makamaka pamene anthu akuvina. Kanema wofinyidwa kale akamasinthidwanso kukhala MPEG-2 amafinyidwa kachiwiri, ndipo chimene chatayika palibe pulogalamu imene ingachibwezeretse. Ngati n'kotheka, pemphani eni mafoniwo abwere, mulumikize foni ku laputopu ndi chingwe, kapena mutulutse memori khadi, mukopere fayilo yoyambirira. Amene ali kutali atumize kanemayo ngati dokyumenti, chifukwa motero safinyidwa, ngakhale kuti bandulo imapita yochulukirapo. Mukawapeza onse, aikeni mu foda imodzi n'kuwapatsa maina oyamba ndi manambala monga 01, 02, 03 motsatira mmene mwambo unayendera, kuti kudula keke kusabwere malumbiro asanachitike.

Pa makanema 23 amenewo, ndikukhulupirira kuti ena anajambulidwa foni itaima chilili, ena itagona. TV ndi yopingasa, choncho kanema wa chilili adzaoneka pakati, m'mbali zonse ziwiri muli mdima. Zimenezi si vuto la chimbale, ndipo ndikukulangizani kuti muzivomereze. Mapulogalamu ena amatha kumukoka kanemayo kuti adzaze sikirini, koma zotsatira zake n'zakuti anthu amafupika n'kunenepa, kapena mitu imadulidwa, ndipo agogo sadzamuzindikira mdzukulu wawo. Ngati mbali imodzi ya mwambo inajambulidwa ndi anthu awiri, sankhani wa foni yogona.

Dziwaninso kuti chithunzi cha DVD sichingafanane ndi cha pa foni. Mafoni ambiri amajambula timadontho 1920 m'lifupi ndi 1080 m'mwamba, pomwe DVD ya dongosolo la PAL, lomwe ndi limene timagwiritsa ntchito kuno ku Malawi, imathera pa 720 ndi 576, zithunzi 25 pa sekondi iliyonse. Dongosolo linalo ndi NTSC la ku America ndi Japan, lomwe lili ndi 720 ndi 480, zithunzi pafupifupi 30 pa sekondi. Pulogalamu yopangira DVD ikakufunsani, sankhani PAL. Deki zambiri zimawerenga zonse ziwiri, koma TV zina zakale, zija za msana waukulu, zikalandira NTSC zimaonetsa chithunzi chopanda mtundu kapena chothamangira m'mwamba, ndipo simungafune kuti zimenezi zikadziwike chimbale chitafika kale kutsidya. Pa funso la kaonekedwe ka sikirini, ngati TV ya agogo ndi yopyapyala ija yotambalala sankhani 16:9, ndipo ngati ndi yakale sankhani 4:3.

Nkhani ya malo a pa chimbale imasokoneza anthu ambiri, choncho ndifotokoze mofatsa. Pa chimbale pamalembedwa 4.7 GB, koma kompyuta imawerenga mosiyana pang'ono ndipo imaonetsa pafupifupi 4.38 GB, sikuti akuberani. Chofunika kumvetsa n'chakuti kukula kwa mafayilo a pa foni kulibe ntchito pano, chifukwa onse adzasinthidwa. Chimene chimawerengedwa ndi nthawi. Phatikizani mphindi za makanema onse 23. Ngati zikukwana ola limodzi, chithunzi chidzatuluka chabwino kwambiri mmene DVD ingathere. Maola awiri amakwana bwino pa chimbale chimodzi, kanema akuyenda pa liwiro la mamegabiti pafupifupi 5 pa sekondi (umenewu ndi muyeso wa malo amene sekondi iliyonse ya kanema imatenga pa chimbale), ndipo diso la munthu wamba silidandaula. Mukafika maola atatu liwirolo limatsikira cha pa 3, ndipo pamene pali kuvina, fumbi ndi nsalu zamaluwamaluwa chithunzi chimayamba kusweka. Kupitirira apo n'kungodzivuta. Ngati mwambo wanu ndi wa maola atatu kapena anayi, ugaweni pawiri, za kutchalitchi pa chimbale china, za kumadyerero pa china. Zilipo zimbale za 8.5 GB zolembedwa kuti DL, koma n'zodula, n'zosowa, ndipo deki zakale zimakonda kukakamira pakati pomwe makina amasintha kuchoka pa gawo loyamba la mkati mwa chimbale kupita pa lachiwiri, choncho pa ntchito ngati iyi zisiyeni.

Pulogalamu imene ndimalangiza anthu oyamba kumene ndi DVDStyler. Ndi yaulere, imagwira pa Windows, Mac ndi Linux, siilemba dzina lake pa kanema wanu, ndipo poikopera pa intaneti bandulo yaing'ono imakwana. Ngati laputopu yanu ikadali pa Windows 7, mwina muli kale Windows DVD Maker, yomwe inachotsedwa kuyambira pa Windows 8. Ilinso ina yotchedwa DVD Flick, yosavuta, koma inasiya kukonzedwa mu 2009 ndipo mafayilo a mafoni atsopano nthawi zina amaivuta. Chenjerani ndi mapulogalamu amene amabwera pamwamba mukafufuza pa intaneti n'kumati ndi aulere, chifukwa ambiri amakulolani kugwira ntchito yonse, kenako pomaliza amadinda chizindikiro chawo pakati pa chithunzi kapena kufuna ndalama, ndipo ena amabwera ndi mavairasi. Koperani kuchokera pa tsamba la eni ake enieni, ndipo poika pulogalamu werengani chilichonse musanadine, n'kukana zowonjezera zimene simunazipemphe.

Mukatsegula DVDStyler imakufunsani dzina la chimbale, kukula kwake, PAL kapena NTSC, ndi kaonekedwe ka sikirini, zimene takambirana kale. Pa mawu sankhani AC3, chifukwa deki iliyonse imawamva ndipo satenga malo ambiri. Kenako imakuonetsani zitsanzo za menyu, tsamba loyamba lija losankhirapo kanema. Mutha kuika chithunzi cha akwati ndi mabatani awiri kapena atatu, koma poganizira amene akaonere, ine ndikanasankha chimbale chopanda menyu, kapena kukonza kuti kanema woyamba ayambe yekha, chifukwa rimoti kumudzi kawirikawiri imakhala yopanda mabatire kapena inasowa kalekale. Kokerani makanema anu m'munsi motsatira manambala aja, ndipo onetsetsani kuti kanema aliyense akatha wotsatira ayambe yekha, osabwerera ku menyu. M'munsi mwenimweni pulogalamu imasonyeza mphindi zimene mwagwiritsa ntchito ndi liwiro limene yasankha, ndipo mukamawonjezera makanema mudzaona liwirolo likutsika.

Pofika apa pali langizo limene ndimalitenga kukhala lalikulu kuposa onse kwa ife okhala kuno. Mukadina batani lomaliza, musasankhe kulemba pa chimbale nthawi yomweyo; sankhani kupanga fayilo ya ISO. Fayilo imeneyi ndi chimbale chathunthu chosungidwa mu laputopu, chokhala ndi VIDEO_TS ndi zonse. Kusintha makanema kukhala MPEG-2 kumatenga nthawi, pa laputopu yakale mwina kufanana ndi kutalika kwa kanemayo kapena kupitirira, ndipo magetsi akathima pakati, batire n'kutha, simutaya chimbale, mumangoyambiranso. ISO ikatha, itseguleni ndi VLC, pulogalamu yoonetsera kanema yomwenso ndi yaulere, ndipo muonere ngati mukuonera pa deki. Yang'anani poyamba, pakati ndi pomaliza pa kanema aliyense. Cholakwika chilichonse mukachipeza pamenepa mumachikonza popanda kuwononga ngakhale tambala. Laputopu isiyireni malo okwana 10 GB kapena kuposa, chifukwa pulogalamu imapanga mafayilo ongoyembekezera isanamalize.

Ntchito yosintha makanemayi imatenthetsa laputopu kwambiri, ndipo inu mukudziwa mmene Nchalo imakhalira mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo pansi pa malata mpweya umachita kuwotcha. Laputopu ikatentha mopitirira imadzichepetsa liwiro, ikapitirira apo imazima yokha. Gwirani ntchitoyi m'mamawa kapena usiku, ndipo laputopu ikhale pa tebulo, osati pa matiresi kapena pa chitenje, pomwe timabowo totulutsa mpweya timatsekeka. Ine ndimaika timatabwa tiwiri m'mbali kuti pansi padutse mphepo, ndipo ngati pali fani ndimailozetsa pomwepo.

Poonera ISO ija, tcherani khutu ndi diso pa milomo ya anthu. Mafoni sajambula zithunzi pa liwiro lokhazikika. Kukada pang'ono, monga m'tchalitchi, amachepetsa chiwerengero cha zithunzi pa sekondi, kukawala n'kuwonjezera. DVD imafuna liwiro limodzi, ndipo pakusinthaku nthawi zina mawu amatsogola kapena kutsalira. Zimenezi zinandichitikira ndili woyamba kumene, nditakonza zimbale 20 za kwaya ina ya ku East Bank. Ndinangoyang'ana mphindi zoyamba, ndinaona kuti zili bwino, ndipo ndinalemba zonse usiku umodzi. Atakaonera kumpingo, pa nyimbo yachinayi manja a wotsogolera ankatsika mawu atadutsa kale, ndipo pofika kumapeto milomo inkayenda yokha nyimbo itatha. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa anthuwo anasonkha ndalama za zimbalezo movutikira, ndipo ndinagula zina ndi ndalama zanga n'kuyambiranso. Mukaona zotere, dutsitsani kanema wovutayo mu pulogalamu yaulere ya HandBrake, musankhe 25 ndi Constant Framerate, kenako fayilo yatsopanoyo ndiyo muike mu DVDStyler. Dziwani kuti HandBrake payokha siipanga DVD, imangokonza fayilo.

Mukakhutira ndi ISO, tsopano tengani chimbale chachinayi. Yang'anani zimene zalembedwapo, ngati ndi DVD-R kapena DVD+R. Zonse ziwiri zimagwira ntchito, koma DVD-R inayamba kale, mu 1997, pomwe DVD+R inabwera mu 2002, choncho deki zakale kwambiri zimamvana bwino ndi yoyambayo. Zimene zili ndi RW zimafufutika ndipo n'zabwino poyesera, koma si zotumiza kumudzi. Kulembako, kumene anyamata a pamsika amati kubena, mutha kuchita ndi DVDStyler yomweyo, kapena kudina fayilo ya ISO ndi batani lakumanja n'kusankha Burn disc image, zimene Windows imachita yokha kuyambira pa Windows 7. Samalani kuti musakokere fayilo ya ISO pa chimbale ngati mmene munachitira ndi makanema aja, chifukwa mudzabwerera pa vuto lomwe lija. Ngati pulogalamu ikukulolani kusankha liwiro, tsikani pa 4x kapena 8x ngakhale chimbale chitalembedwa 16x. Mphindi zochepa zimene mungawonjezere zimapereka chimbale chimene deki yotopa ingawerenge mosavutikira. Chongani pamene palembedwa Verify kuti kompyuta iwerengenso zimene yalemba n'kufananiza. Batire likhale lodzaza, chaja ili m'magetsi, mapulogalamu ena onse atsekedwe, ndipo tebulo lisagwedezeke mpaka chimbale chitatuluka chokha. Chimbale cholembedwa kuchokera ku ISO chimatsekedwa chokha pomaliza.

Chikatuluka, chitembenuzeni n'kuchiyang'ana powala. Kunsi kwake kumakhala kwa mtundu wofiirira pang'ono, ndipo mudzaona malire ozungulira pomwe kulemba kwathera, mbali yolembedwa ikusiyana mtundu ndi yosalembedwa. Mbali yolembedwayo iyenera kuoneka yosalala. Ngati muli mawanga kapena mizere yozimiririka, chimbalecho n'chosalimba. Kenako kachiyeseni pa deki ya mnansi wanu uja, ndipo ngati n'kotheka pa ina yachiwiri, mulumphe mpaka kumapeto, popeza zimbale zotsika mtengo zimakonda kukanika cha kunja kwenikweni komwe kumakhala mphindi zomaliza. Ulendo wa ku Makhanga, kaya mudzera ku Bangula n'kuwoloka pa bwato kaya muzungulira ku Thabwa n'kutsata msewu wa East Bank, si woti munthu angaubwereze chifukwa cha chimbale chosayesedwa.

Chikakaoneka ku Nchalo koma n'kukakana ku Makhanga, musathamangire kuchiimba mlandu chimbale. Muyese chimbale china chimene kale chinkaoneka pa deki imeneyo. Ngati nachonso chikukana, diso la makinawo ladzaza fumbi kapena latopa, ndipo diso lotopa limayamba kukana zimbale zolemba tokha lisanayambe kukana za kufakitale, chifukwa zathuzi zimabweza kuwala kochepa. Okonza mawailesi amatha kulipukuta. Chinanso ndi mphamvu ya sola: madzulo batire likatsika, TV imatha kuyakabe koma deki n'kulephera kuzunguliza chimbale bwino, moti imaima kapena kuyambiranso yokha. Akayese masana dzuwa lili pamutu asananene kuti chimbale n'chakufa.

Tsopano ndibwerere ku zimbale zitatu zija, chifukwa pali chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kuposa No Disc. Anthu ambiri akangopanga DVD amafufuta makanema oyambirira pa foni ndi pa laputopu kuti apeze malo, poganiza kuti asunga kale. Chonde musachite zimenezo. DVD imene mwapangayo ili ndi chithunzi chochepetsedwa, ndipo simungachikulitsenso. Kuwonjezera apo, zimbale zolemba tokha zimasunga zinthu pa utoto wopyapyala umene uli mkati mwa pulasitiki, ndipo utotowo umafooka ndi kutentha, chinyezi ndi kuwala kwa dzuwa, zinthu zitatu zimene chigwa chathu chili nazo zochuluka. Ndaonapo zimbale zimene zinasiyidwa pawindo kapena pamwamba pa deki yotentha zitayamba kudumphadumpha pasanathe zaka zambiri. Ndipo tonse tikukumbukira madzi a mu Januwale 2015, a namondwe wa Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023. Ku Makhanga komweko mabanja ambiri anataya zonse zimene zinali m'nyumba. Mabanja amene anabwera kwa ine pambuyo pake kudzafunsa ngati ndinasunga kanema wa ukwati wawo, momwe munali makolo amene pano anatisiya, ndi amene anandiphunzitsa kusafufuta ntchito yakale.

Choncho zimbale zitatuzo, pokhala muli mafayilo monga momwe munawalandirira, zilembeni kuti n'zosungira, chimodzi mupatse akwatiwo, china chipite kwa mbale amene amakhala kumtunda monga ku Blantyre kapena ku Thyolo, china chikhale nanu. Ngati mupeza mafayilo abwinopo kuchokera kwa eni mafoni, asungeni pa fulashi kapena hadi disiki yapadera, pamodzi ndi fayilo ya ISO ija, chifukwa chimbale cha agogo chikadzakalika mudzangolemba china m'mphindi zochepa. Amene ali ndi akaunti ya Google ali ndi malo aulere okwana 15 GB, ndipo makanema ofunika kwambiri, monga malumbiro ndi malangizo a ankhoswe, akhoza kukwezedwa kumeneko pang'onopang'ono pamene bandulo yalola.

Pa chimbale lembani ndi cholembera chofewa cha inki, mbali ya pamwamba yokha, osati bolopeni, ndipo musamatepo pepala chifukwa limachipendeketsa chikamazungulira ndiponso limamatuka ndi kutentha. Chizikhala m'kabokosi kake, choimika, pamthunzi, ndipo nyengo ya mvula ikayandikira chilowe m'pepala lapulasitiki pamodzi ndi makalata ofunika. Chikada, chipukuteni ndi nsalu yofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira. Chimbale chimene chagwera m'matope chimatha kupulumuka ngati mutachitsuka msanga ndi madzi oyera musanachipukute, chifukwa chimene chimachiwononga kwambiri ndi mchenga wokhulidwa ndi nsalu.

Ngati mukufuna kuikamo nyimbo za oimba ena, kumbukirani kuti nyimbo zili ndi eni ake, ndipo lamulo la zokopera la 2016, lomwe bungwe la COSOMA limaliyang'anira, limawateteza. Maganizo anga ndi akuti mawu enieni a tsikulo, nthungululu, kwaya ndi mawu a abusa, ndi amene agogo akufuna kumva, choncho musawakwirire ndi nyimbo zina.

Pali nthawi zina pamene ndi bwino kupita kwa odziwa. Ngati Verify ikulephera pa zimbale za mitundu iwiri yosiyana, ndiye kuti cholembera cha mu laputopu chatopa, ndipo njira yosavuta ndi kugula kapena kubwereka cholembera chakunja cholumikiza pa USB, chimene chimapezeka m'masitolo a makompyuta ku Blantyre ndi ku Limbe. Ngati kanema wina akukana kutseguka ngakhale mu VLC, fayiloyo inawonongeka pokopera, ndipo muyambe mwabwerera ku foni imene inajambula musanalipire aliyense. Ngati laputopu ikumveka kugogoda mkati kapena ikuuma pafupipafupi, lekani zonse, koperani makanema pa fulashi tsiku lomwelo, kenako mupite nayo kwa wokonza. Ndipo ngati ntchito yonseyi ikukulemerani, anyamata amene amalemba zimbale pa misika ya ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula ambiri amaidziwa. Mukawauze momveka kuti mukufuna DVD yoonera pa deki, ya PAL, akuonetseni foda ya VIDEO_TS, achiyese pa deki inu mukuona, akupatseni ISO, ndipo afufute makanema a banja lanu pa kompyuta yawo musanachoke. Fulashi imene mwapita nayo muiunike ndi antivairasi musanailowetsenso mu laputopu yanu.

Ngati makanema onse sapitirira maola awiri, chimbale chachinayi chikwana, ndipo chachisanu mulembepo ISO yomweyo kuti agogo alandire ziwiri, china choonera ndi adzukulu, china chosungidwa m'sutikesi. Ngati apitirira, ziwiri zotsalazo zikhale gawo loyamba ndi lachiwiri, koma muyambe mwagula china chimodzi cha RW choyesera pa deki ya mnansi wanu.